Mlangizi wa m'Foni

Basi yochokera ku Kabwata, mumzinda wa Lusaka, inali itangokhotera kumsewu wa kutauni pamene Saida anamva mawu ake akuyankhula kumpando wakutsogolo. Iye anali kumbuyo, pakamwa pali potseka, mtolo wa zitenje uli pamiyendo.

Kondakitala anali atakweza foni m'mwamba kuti basi yonse imve bwino. Anachepetsa mawu ngati kamtsikana n'kufunsa foniyo: "Ba alangizi, ine nikwatiliwa pa Sabata, manje niyopa. Nikachite bwanji kuchipinda?"

Foni inayamba yatsokomola pang'ono, kachifuwa kouma kamene Saida anakhala nako chiyambire kupuma fumbi la nsalu. Kenako inati: "Khala pansi, mwana wanga, upinde miyendo. Zimene ndikuuze lero sizituluka m'chipinda muno."

Amuna anafa nalo phwete. Foni inapitiriza mosaphonya, ndipo itafika pa nyimbo ija imene amaiyimba akazi okhaokha chitseko chili chokhoma, inayimba ndithu. Amayi a m'basimo anayang'ana kumawindo ngati kunja kwagwa ngozi.

"Zimani ico cinthu, imwe! Muli bana muno," anakalipa mayi wina wovala yunifomu ya kubanki.

"Si ine, ba mami, ni teknoloje," anayankha kondakitala akupukuta misozi ya kuseka.

Saida anakoka mpango wake n'kuphimba kukamwa. Basi inadutsa pamalo pamene amatsikira masiku onse, koma iye sanayerekeze kunena kuti atsike, poopa kuti akangotsegula pakamwa anthu atembenuka. Anakatsikira kumapeto, n'kubwerera wapansi ndi mtolo wake pamutu.

Pamsika anthu ankamudziwa Saida ngati wogulitsa zitenje, mwana wa telala wina amene anachoka ku Mangochi kalekale. Koma dzina lake lenileni linali m'zipinda. Mtsikana akatsala pang'ono kulowa m'banja, kaya ndi wa ku Chelstone, ku Woodlands kapena kuseri kwa mipanda yamagetsi ya ku Kabulonga, amayi ake ankanong'onezana kuti, "Itanani amake Warda." Apentekosite ankamuitana, a Sabata ankamuitana, osalabadira za mpango wake wachisilamu. Ankayenda ndi mnzake Emmy, amene onse ankamutcha bana Destiny. Emmy ndiye ankaimba ng'oma, Saida n'kumayankhula.

Vuto linali ana a masiku ano, ophunzira sukulu za Chingerezi chokhachokha. Mtsikana ankakhala pamphasa atafunditsidwa chitenje kumutu, n'kumagwedeza mutu mwaulemu, koma m'khutu musanalowe kanthu. Saida zinkamupweteka, chifukwa sanali mlangizi wongofuna kudya nkhuku n'kumapita. Tsiku lina anadandaulira mwana wake Warda, amene ankagwira ntchito pa kampani ina ya makompyuta ku Longacres, yophunzitsa makina kumva ndi kuyankhula zinenero za kuno, zimene ana amangoti AI.

"Ni cinthu cing'ono ico, amami," anatero Warda. Anamuikira kapulogalamu pafoni komasulira Chinyanja m'Chingerezi pompopompo, n'kumupatsa kachipangizo kolowetsa m'khutu. Panatuluka mawu ambirimbiri a Chingerezi, Warda n'kudina povomereza osawerenga.

Kuyambira pamenepo Saida ankabisa foni pansi pa nsalu pambali pa bondo lake, mkwatibwi n'kuvala kachipangizo kaja kunsi kwa chitenje. Atsikana anayamba kulira pofunika kulira, kuseka pofunika kuseka. Emmy ankati Mzimu wayamba kugwira ntchito, ndipo Saida ankangoti inde. Sanamuuze mnzakeyo chifukwa ankadziwa yankho lake: m'chipinda cha chilangizo simulowa mwamuna, simulowa mwana, simulowa foni.

Tsopano, akuyenda m'mbali mwa msewu dzuwa likumuwotcha, manyazi a m'basi anali ochepa poyerekeza ndi chimene chinkamudya mumtima. Warda yemweyo anali pafupi kukwatiwa ndi Seif, mnyamata wa ku Makeni wokonza mafiriji. Saida anali atatumiza kale mbale yovundikira kwa Emmy ndi kwa amayi akuluakulu a kumzikiti, kuwapempha kuti adzamulangize mwanayo. Mlangizi angalangize ana a Lusaka yense, koma wake wobala yekha samukhudza. Mawu a m'chipinda satuluka m'kamwa mwa mayi kupita m'khutu mwa mwana wake. Amenewo ndi malaulo.

Tsiku limenelo sanayale malonda. Anasiya mtolo kwa mnzake woyandikana naye n'kukwera basi ina ya ku Longacres.

Ofesi ya kampaniyo inali nyumba yakale yopakidwa utoto wowala, mkati muli mipando yonga matumba a thonje ndi achinyamata ovala nsapato zothamangira. Warda atawaona amayi ake pakhomo anaimirira msanga, nkhope itagwa. Zinaoneka kuti nkhani ankaidziwa kale.

Abwana ake, a Mwenya, anali mnyamata wa ndevu zometedwa mwaluso, woti Saida akanatha kumubereka kumbuyo. Anabwera manja ali patsogolo, mano onse pamtunda.

"Ba mami! Shani? Ndimwe bamene? Imwe mwachuka, ba mami. Lusaka yonse ikamba na imwe."

"Ine ndakamba ndi Lusaka liti?" anafunsa Saida.

A Mwenya anafotokoza mokondwa, ngati munthu woonetsa alendo mwana wobadwa kumene. Chilichonse chimene foni ija inkamasulira chinkasungidwa kukampani. Makina anamvetsera, anaphunzira mawu ake, miyambi yake, nyimbo zake, mpaka kutsokomola kwake. Tsopano aliyense wokhala ndi foni ankatha kufunsa "Ba Alangizi" nthawi ina iliyonse.

"Munavomela mweka, ba mami. Palibe camene tinaba. Elo ganizani, ivi vinthu sembe vinafa na imwe. Ise tasunga mwambo."

"Mwasunga mwambo m'thumba la kondakitala?"

"Aaa, bamuna bena basobelela cabe. Ise tinapangila bakazi."

"Ndichotsenimo."

A Mwenya anakanda ndevu. Anati mawuwo akhoza kuwanenepetsa pang'ono mwezi wamawa kuti asamveke ngati ake, koma anthu anali atajambula kale tizidutswa n'kumatumizirana. Za kuchotsa zimene makina anaphunzira, anapukusa mutu. "Mucele ukasungunuka mu ndiyo, mungaucose bwanji, ba mami?"

Saida anatembenukira kwa mwana wake. "Iwe unkadziwa?"

"Ninaziba mocedwa, amami," anatero Warda akuyang'ana pansi. "Ninakamba nabo, banati ni malamulo ya kampani. Nikanacita bwanji? Ncito niifuna."

Saida anafuna kukalipa, koma m'chipindamo munali mafoni paliponse, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anaopa mawu ake omwe. Anatuluka osatsanzika.

Emmy anafika kunyumba kwa Saida ku Kabwata Loweruka masana, atavala suti yoyera ya kumapemphero a amayi. Saida anazindikira msanga chimene chinali m'manja mwake, chokulungidwa m'kansalu. Inali mbale yovundikira ija.

"Lowani, bana Destiny, ndiike tiyi."

"Awe, nizaimilila pamene pano."

Emmy anaika mbaleyo pakhonde. Anali mayi wanthabwala, woti pamaliro pomwe ankaseketsa anthu, koma tsiku limenelo milomo inali itauma.

"Zaka zonse izi, amake Warda, ine nilizila ng'oma kansi nilizila foni? Mwana wanga mwamuna, wamene ninabala neka, ananiimbila nyimbo ya m'cipinda pa tebulo, pamaso pa batate bake. Ati, 'Mami, iyi ng'oma ili kumbuyo si yanu?' Munanivula, imwe."

"Ndinkafuna kuti ana amve, bana Destiny. Ankangogwedeza mitu osamva kanthu. Inu nomwe munkaona."

"Walila mvula walila matope. Sembe munanifunsa." Emmy anapumira m'mwamba. "Elo si ivo cabe. Muziba Chloe wa ku Woodlands, wamene tinalangiza caka catha? Mwamuna wake anamuchaya, diso yonse kutupa. Anafunsa foni. Mau yanu yanamuuza ati limba, mukazi ni kupilila, usaulule va m'nyumba."

"Ine sindinanenepo zimenezo! Ine ndimawauza kuti akakukwezera dzanja, thawira kwa ine ngakhale opanda nsapato."

"Ine niziba. Manje Chloe aziba bwanji? Anamvela imwe, na cifuba canu camene."

Saida anakhala pansi pa sitepe. Anakumbukira kamtsikanako, kamanyazi, kamene kanamugwira dzanja potsanzikana n'kunena kuti zikomo, ndamva zonse.

"Bazimai tinakumana," anapitiriza Emmy, mawu atatsika. "Ba kuchechi na ba kumuzikiti, tonse pamozi, cinthu camene sicinacitikepo. Palibe azangena m'cipinda ca Warda. Bakuti uja mwana ni foni yoyenda na mendo. Camene tizakamba, mailo cizamveka mu basi."

"Ndilangeni ine. Mwana akwatiwe ngati wopanda anthu?"

"Ali na alangizi kudala, ba m'thumba mwake." Emmy ananena zimenezi akuyang'ana kumbali, ndipo maso ake anali atafiira. Anatembenuka n'kumapita, osacheuka mpaka pageti.

Saida anayendabe kufunafuna womulangizira mwana wake. Anapita ku Kaunda Square kwa mayi wina wokalamba amene anamulangiza iye kale, koma anauzidwa pawindo kuti agogo agona. Anapita ku Makeni kwa azakhali a mwamuna wake, amene anamulandira bwino, n'kumuuza kuti asiye foni panja pa mpanda, kenako n'kukamba naye za mitengo ya mafuta ophikira basi. Pamsika, amayi amene kale ankamukokera pambali kuti amunong'oneze za m'nyumba zawo tsopano ankagula chitenje n'kuchoka msanga.

Mwamuna wake, Hamad, anali telala wofatsa, wosokera pakhonde la kuseri ndi makina akale opalasa ndi mapazi. Nkhani za akazi ankaziopa ngati moto, koma ataona mkazi wake akuonda anayankhula.

"Amake Warda, madzi akatayika saoleka. Bwanji mungomukhazika pansi nokha mwanayu? Ndani adziwe?"

"Mukundiuza kuti nditani, bambo ake Warda? Ine, ndi pakamwa panga pano, ndimuuze mwana wanga zimene ndimachita ndi inu? Ndikatero adzandiyang'ananso kumaso? Inuyo adzakuyang'anani?"

Hamad anaweramira ulusi wake.

Tsiku loti mawa lake ndi ukwati linafika. M'nyumba ina iliyonse, masana a tsiku lotero kukanakhala nsapato za amayi zitadzaza pakhomo, ng'oma ikugunda kuchipinda, amuna atathamangitsidwa kuti akaone mpira kwa anzawo. Kwa Saida kunali zii. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa monga mwa masiku onse, wailesi ili chete, firiji ili chete. Hamad anali atapita kumzikiti. Saida anakhala pabalaza ndi lichero, akusankha mpunga wa phwando.

Warda anatuluka kubafa, anadutsa n'kulowa kuchipinda kwake. Saida anaona kuti wanyamula mphasa ndi chitenje chatsopano, koma sanafunse. Kiyi analira pachitseko.

Patapita kanthawi, kuseri kwa khoma kunamveka kutsokomola kouma.

"Khala pansi, mwana wanga, upinde miyendo. Zimene ndikuuze lero sizituluka m'chipinda muno."

Lichero linapendekeka, mpunga n'kumwazika pansi. Saida anaimirira, anafika pachitseko n'kukweza dzanja kuti agogode. Koma akanati chiyani? Akanati zima, mwanayo akanapita kwa mwamuna wopanda mawu ngakhale amodzi, ndipo wolakwa anali mayi wake. Akanati tsegula, ndiye kuti alowe akhale pamphasa, mayi ndi mwana, n'kumamvera limodzi. Dzanja linakhala m'malere mpaka linatopa.

M'katimo mawu ake anapitiriza, odekha, achikondi, osapupuluma. Anali kufika pa zinthu zija zimene anadzilumbirira kuti Warda adzazimva kwa wina aliyense koma iye. Ndiye anamva kaphokoso kena kamene kanamulasa kuposa kuseka konse kwa m'basi. Warda ankaomba m'manja pang'onopang'ono, mwa ulemu, monga achitira mkwatibwi pothokoza alangizi ake. Pakati pa kuombako ankafwenthera.

Saida anatuluka chobwerera m'mbuyo mpaka pakhonde la kuseri. Anakhala pa makina a mwamuna wake, opanda nsalu, opanda ulusi, n'kuyamba kupalasa ndi mapazi onse awiri. Makina analira, singano ikubaya pachabe, ndipo iye anapalasabe mwamphamvu, misozi ikugwera pachitsulo, kuti asamve zimene ankamuuza mwana wake.