Tinsanza ta pa Mapaipi

"Nsalu ya malemu amayi, achemwali? Imene anavala popita kuchipatala, mwapatsa alamu akamangire mapaipi?"

Anatero wamng'onoyo, amene ntchito yake ndi yosesa, uku akuponya tinsanza tisanu pathebulo la mkulu wake.

"Inali itadyeka ndi njenjete," anayankha mkuluyo. "Umafuna ndiyiike m'felemu? Wazichotsa kuti zimenezi?"

"Kumene ndazichotsako."

Apa ndiye panaonongekera zinthu. Wosesayo ndi mlamu wake pulambala, mwamuna wa mkuluyo, ankagwira ntchito malo amodzi, kunyumba yamagalasi kumene anthu ophunzira amafufuza zomera. Ntchito ya tsacheyo anamupezera ndi mlamu yemweyo, koma kuyamika, mwana ameneyu sanabadwe nako.

Pansi pa nyumbayo pali chipinda cha mapampu. Mapaipi amatsika kutali m'nthaka kukatenga kutentha, n'kukwera nako kuti mbande zisafe ndi chisanu. Zotsekera zake zilipo makumi atatu, zofanana ngati mano a chipeso, manambala anafufutika kalekale ndi chinyezi. Pulambala maso anali atayamba kuchita chifunga, koma kuti avomere? Mwamuna? Abwana akanadziwa, ntchito ikanatha. Ndiye ankamanga kansanza pa chotsekera chilichonse chosayenera kukhudzidwa. Wosesa atatsikirako kukakolopa, anaona maluwa achikasu a nsalu ya mayi ake ali mafuta okhaokha. Anamasula tonse, misozi ili chuchuchu.

Lachisanu paipi ina inayamba kudontha. Pulambala anapapasa, napeza chotsekera chopanda kansanza, natseka, n'kuweruka, osadziwa kuti watsekera kutentha kopita kumbande. Kunazizira masiku awiri. Lolemba, mbande za m'chipinda chakumapeto, za mtengo umene akuti kutchire unatha, zinali zitada bii ngati zawauka. Mayi wofufuza amene anazilera zaka zinayi anangokhala pa ndowa, osalira n'komwe.

Abwana anaitana onse kuchipinda cha mapampu.

"Chotsekera ichi sichitsekedwa," anatero akuyang'ana pulambala. "Ukudziwa. Wakhala kuno zaka khumi. Zatheka bwanji?"

Wosesa anagwiritsitsa mpini wa chokolopera. Akanena za tinsanza, ntchito yake ithera pomwepo, ana atatu ali kunyumba. Mlamu wake anamuyang'ana kamodzi kokha, ndi maso ofookawo.

"Ndine ndinalakwitsa, bwana," anatero pulambala. "Palibenso wina."

Anamulanda makiyi tsiku lomwelo. Zipangizo zake anatuluka nazo m'thumba la simenti.

Madzulo wosesa anapita kwa mkulu wake, tinsanza tina tiwiri timene anatsala nato atatichapa, atatisita.

"Kazifunde," anatero mkuluyo, n'kutseka chitseko.

Mpaka lero wosesa akusesabe, koma kuchipinda cha mapampu amapempha mnzake kuti akakolope. Mkulu wake samuyankhula. Ngakhale mwamuna wake, pulambala uja, mkuluyo samuyankhula, akuti anagulitsa ana ake chifukwa cha mlamu, chakudya amangomuikira pampando. Pulambala yekha ndiye akakumana ndi wosesa pamsewu amati, "Mwadzuka bwanji, alamu?" Koma iyeyo amangoyang'ana pansi n'kudutsa.