Mkazi wa Pachithunzi

"Mwandiphera ukwati inu, Anti Mable! Inuyo, ndi nzeru zanuzo!"

Glory sanadikire n'komwe kuti azakhali akewo alandire chenji cha therere. Anawapeza pamsika wa Woolwich, kudziko la azungu kuno, pafupi ndi benchi ya nsomba zouma, iye akadali mu yunifolomu ya unesi, maso ali psu.

"Iwe, tsitsa mawu. Tili pa anthu pano."

"Amve! Viza ya Felton aikana. Akuti pazithunzi zaukwati mwamuna akuoneka, koma mkazi si ine."

Anti Mable anasuntha jumbo kuchoka dzanja ili kupita linalo. "Nanga sakudziwa kuti ndi mng'ono wako?"

"Adziwa bwanji? Analipo?"

Nkhani yake inali yotere. Glory ndi Felton analembetsa ukwati kwa DC ku Zomba mothamanga, Glory atatsala pang'ono kunyamuka ulendo wodzagwira ntchito kuno. Wojambula panalibe. Makolo atamva anati ukwati wopanda chinkhoswe ndi chibwenzi chabe. Tsiku linaikidwa, koma kuchipatala anamukaniza Glory tchuthi. Pamenepo Anti Mable, nkhoswe yake ya kuno, anati palibe vuto, Tionenji aimirire m'malo mwa mkulu wake, zimachitika. Ndiye Tionenji anafunditsidwa chitenje, Felton n'kumuvundukula, nthungululu n'kulira, tambala ndi msoti n'kusinthanitsidwa. Nthawi yofunsira viza itakwana, Anti Mable omwewo ndi amene anauza Felton kuti aikemo zithunzi zonsezo, azungu aone kuti ukwatiwu ndi wa mwambo. Glory anali atamira m'mashifiti, sanayang'ane.

"Ine ndimafuna kuthandiza," anatero Anti Mable. "Mwambo ndi mwambo."

"Mwambo umakwera ndege? Ine kuno ndikusambitsa odwala, ndikugona ndekha m'kachipinda kozizira ngati fuliji. Ndinachita kugula bedi lalikulu, Anti, la anthu awiri! Aliyense anavina pachinkhoswe changa kupatula ine. Lero wolangidwa ndine ndemwe?"

Mayi wina wa ku Ghana amene amasankha tsabola anatembenuka. Chilankhulo sanachimve, koma mkwiyo anaumva.

"Mufunsiranso," anatero Anti Mable motsitsa. "Loya alemba kuti uja ndi mlamu chabe. Ndipo Tionenji atha kuchitira umboni, si ali konko amene."

"Konko kuti?"

Anti Mable anayang'ana nsomba.

"Anti. Konko kuti?"

"Kwa apongozi ako. Miyendo yawo ija inavuta chinkhoswe chitangotha, ndiye ankhoswe anagwirizana kuti mwanayo azikathandiza. Akukusungira malo."

"Malo anga ndi mpando wa m'basi kuti munthu azindisungira?"

"Iwe Glory, pakamwa!"

"Felton amakhala m'nyumba yomweyo!"

"Kuchipinda chakunja. Sitinakuuze chifukwa timakudziwa mtima wako wapachala."

Glory anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa foni, n'kutsegulanso zithunzi zija. Kuyambira m'mawa ankaziyang'ana ndi ukali pa munthu wosamudziwa amene anazikana. Tsopano anaziyang'ana monga munthuyo anaziyang'anira. Felton atagwira nsonga ya chitenje, mano onse panja. Tionenji akuyang'ana pansi, koma akumwetulira kumbali. Dzanja la Felton lili pamsana pake, m'munsi. Mwina linali dzanja la mlamu. Mwina ayi. Chomwe chinamuwawa n'chakuti mlendo wa mu ofesi anaona banja pamenepo, pomwe abale ake onse ankati palibe choona.

Anaimba pa vidiyo pomwepo, ataimirira pakati pa njira, anthu akumulambalala ndi matilole awo okokera katundu. Anti Mable anamugwira mkono, iye n'kuukutumula.

Foni inalira kanthawi. Kenako panaoneka denga la malata, chala, ndi nkhope. Sinali ya Felton.

"Achemwali!" anatero Tionenji, akupukuta manja pachitenje. Chinali chitenje chija, cha pachinkhoswe. "Alamu akusamba. Foni anaisiya patebulo."

"Pasiwedi ya foni yawo waidziwa liti?"

"Aa, achemwali, poyankha sipafunika pasi..."

"Kawaitane."

"Akusamba ndati."

"Atuluke ndi sopo yemweyo! Uitanenso amayi. Nonse mukhale pamenepo ndikuoneni."

Chithunzi chinagwedezeka, kunamveka mapazi ndi chitseko. Felton anatulukira atakoleka thaulo m'khosi, madzi akudontha m'ndevu.

"Mami, ndamva za viza. Usadandaule, tiyesanso..."

"Tiyesanso kuti ubwere kwa ndani? A ku ofesi afunsa funso limodzi, ndipo ine ndikufunsa lomwelo. Anti Mable ali pano, Tionenji ali apo, usayang'ane kumbali. Mkazi wako ndi uti, Felton? Wa pachithunzi kapena ine? Yankha!"