Nsomba za a Duncan ndi Matemba a Evelesi

"Nsomba zanga wadya ndani?"

A Duncan, eni ake loji imene ndimagwirako ntchito ku Bangula, anafunsa ataima patsogolo pa thanki yagalasi ya polandirira alendo. Ine ndinayang'ana buku la alendo, Antonio mlonda anayang'ana nsapato zake. M'thankimo munali madzi, mchenga woyera ndi getsi lowala ngati la kuchipatala. Nsomba munalibe.

A Duncan anabwera nazo Lachisanu kuchokera ku Blantyre, zisanu ndi imodzi m'kapulasitiki. Wogulitsa anawauza kuti ndi malochi, mtundu wa ku Asia wongofika kumene, ndipo m'chigwa chonse cha Shire palibe wina ali nawo. A Duncan anagula mawu omalizawo, nsomba zinangotsatira. Mchenga nawo anaugula komweko n'kuubweretsa kuno, kumene madzi osefukira amatisiyira mchenga waulere mpaka m'khitchini.

Lochiyo ndi kansomba kotalika ngati chala, koonda ngati nyongolotsi, ka mizere yakuda ndi yachikasu. Pofika Lolemba m'mawa, zonse zinali zitasowa.

"Itanani Evelesi!"

Evelesi ndi amene amakolopa pa lojipo, ndipo ntchitoyo ndi imene imadyetsa ana ake awiri. Kwawo ndi kwa Mbenje, bambo ake ndi msodzi. Kwa a Duncan, umenewo unali umboni wokwanira.

"Anthu a kumadambo inu, chilichonse choyenda m'madzi ndi ndiwo. Nsomba zanga zikapanda kuoneka, ntchito yako yathera pompano."

Analamula Antonio kuti akhuthule chikwama cha Evelesi pakauntala. Munatuluka chitenje, kasopo, ndi matemba ouma okulunga m'nyuzipepala. Nkhope ya a Duncan inawala.

"Prudence, iwe unapita kuyunivesite. Tsegula chithunzi cha lochi pafoni."

Zaka zinayi za kuyunivesite zinapeza ntchito tsiku limenelo. Ndinagwira foni, iwo akunyamula temba limodzilimodzi n'kumalifanizira ndi chithunzi, magalasi atatsikira pamphuno.

"Ili likufanana."

"Bwana, temba ndi lophwatalala. Lochi ndi wozungulira, ndipo ali ndi mizere."

"Dzuwa la Nsanje ukulidziwa iwe? Limasintha chinthu."

Nthawi yonseyi Evelesi anali ataima pambali, mopu ili m'manja. Kenako anaitsamiritsa kukhoma n'kusendera kwa ine.

"Tandikuzirani pamutupo, achemwali."

Ndinakuza chithunzicho. Anachiyang'ana nthawi yochepa kuposa imene a Duncan anathera pa temba limodzi.

"Kamwa layang'ana pansi, tindevu tazungulira, maso ngati njere za mapira. Iyi ndi nsomba ya pansi, bwana. Getsili limazima?"

"Lizimirenji? Alendo aziona chiyani?"

"Nanga pano akuona chiyani?"

Antonio anatsokomola, n'kuyang'ananso nsapato zake.

Evelesi anazula waya wa getsi kukhoma. Anatenga temba lomwe lija limafanana, analifikisa ndi zala n'kuthira m'madzi. Kenako anaphimba thanki yonse ndi chitenje chake.

"Pasayende munthu."

"Ukundilamula ine pamalo panga?"

"Nkhabe, bwana, sindikukulamulani. Ndikunena nsapato zanuzo, zimagwedeza madzi."

Tinaima choncho kwa mphindi ngati khumi, anthu anayi akuluakulu kuyang'ana chitenje. Mlendo wina anatuluka m'chipinda, anationa, n'kubwerera.

Evelesi atakweza ngodya ya chitenje, mchenga unali kuyenda. Mutu umodzi unatumphuka, wina, winanso. Zonse zisanu ndi imodzi zinali kukwawa pansi, kulimbirana nyenyeswa za temba.

A Duncan anagwada n'kusuzumira mpaka mphuno inakhudza galasi. Atadzuka anasasa fumbi pa mawondo.

"Ndimadziwa ine. Wogulitsa uja anandiuza kuti zimabisala."

"Muikemo phale la mbiya, zizilowa m'menemo," anatero Evelesi. "Sizidzakwiririkanso kwambiri."

"Antonio, ukapeze phale la mbiya," anatero a Duncan, ngati nzeruyo yangowafikira kumene. "Getsi lizizima. Ndipo iwe Evelesi, uli ndi mwayi. Kuyambira lero ndiwe woyang'anira nsomba. Ndikusokera ndi yunifomu yake."

Anaima akumwetulira, kudikira kuti athokozedwe.

Evelesi anatola matemba ake pakauntala, limodzilimodzi monga momwe iwo anawayendera, n'kuwakulunganso m'nyuzipepala. Anachotsa chitenje pathanki, kuchikung'untha, kuchipinda. Mopu anakaibwezera kuseri kwa chitseko kumene imakhala. Pobwerera anadutsa pafupi ndi a Duncan osawayang'ana, n'kuima pakauntala panga.

"Chakudya muzithira dzuwa likamalowa, achemwali, pang'ono pokha. Ine mawa sindibwera."