Timiyala ta m'lichero

A Gidiyoni analuma mwala. Dzino linalira kuti khwa, mpaka amayi amene ankatsuka miphika ya pamaliro anatembenuka. Analavulira m'dzanja n'kuyang'anitsitsa. Kanali kamwala koyera, kosalala, kukula kwake ngati njere ya mpunga.

"Iwe Idah, mpunga umenewu anasankha ndani?"

"Ndine, malume."

"Maso unawaiwala m'basi pochoka ku Lilongwe?"

Amayi aja anabisa pakamwa ndi zitenje, koma Idah sanaseke. Mpungawo anausankha yekha dzulo lake, njere imodziimodzi, mpaka unayera kuti mbee. Anapita pakhonde, pamene lichero la malemu mayi ake linkakhala pamwamba pa mtondo, n'kuvundukula nsalu. Timiyala tinali mbwee pamwamba pa mpungawo, ngati wina wachita kuwaza ndi dzanja. Aka kanali kachiwiri chiwaikireni mayi akewo. Anamva kuzizira kumsana, chonsecho mwezi wa Okutobala ku Mtakataka ngakhale mthunzi umawotcha.

A Gidiyoni, mlongo wawo wa malemu, anafika kumbuyo kwake akutafunira mbali imodzi.

"Watapa m'lichero ili? Thumba la mpunga lili tho m'nyumbamo, iwe n'kukatapa uwu?"

"Ndinaupeza wosamaliza kusankha. Ndimati ndiwamalizire."

"Ntchito ya wakufa samalizira, angakuitane kuti ukawathandize komweko." Anabwezera nsalu ija ndi nsonga za zala. "Lichero ili ndi mphasa ya pansi pa bwemba ija ndiotcha lero lomwe, tisanafike pometa. Achipatala akuti kuthamanga kwa magazi, ine ndikuti mlongo wanga anafa ndi mavuto a ana a eni. Ankawameza tsiku ndi tsiku mpaka mtima unalephera. Ndiye taona, manda akadali ofiira, atsikana ake ayamba kale kuzungulira pano ngati anapiye osowa make. Mzimu ungagone bwanji anthu akuuitana?"

Anakwera njinga ulendo wa kumsika kukagula malezala ometera, n'kulonjeza kuti abwerako ndi palafini.

Kunena zoona, Idah sankalimvera chisoni licherolo. Malemu mayi akewo, a Namaliya, anali mayi wa atsikana onse kuyambira ku Mua mpaka kumadoko, kupatula mwana amene anabereka okha. Anamwino a kuchipatala anawaphunzitsa za uphungu n'kuwapatsa malaya olembedwa kumsana, amene iwo ankalimira mpunga ku Bwanje mpaka zilembo zinafufutika. Ofesi yawo inali mphasa. Atsikana ndi akazi ongokwatiwa kumene ankabwera mmodzimmodzi kudzakhala pamenepo n'kumasankha mpunga, ngati kwawo kulibe malichero. Idah akayandikira ankatumidwa kumjigo, ngakhale mitsuko ili yodzaza. Ndipo chaka chimene banja lake linatha, atafika kumudzi mtima uli zidutswazidutswa, mayi ake anangomuyang'ana n'kumupatsa lichero lomwelo. Iye analikankha. "Ndabwera ndi mavuto, inu mukundipatsa ntchito?" M'mawa mwake anakwera basi. Mkwiyo umenewo anafika nawo mpaka kumanda, kumene maso ake anangokhala gwa, ndipo amayi a m'mudzi anali atayamba kale kunong'onezana za mwana wa m'tauni wosalira mayi ake.

Dzuwa litafika paliwombo anthu onse anathawira m'mithunzi ya kuseri kwa nyumba. Pabwalo panangotsala nyenje, zikulira ngati zachita kulipidwa. Ndi pamene Idah, ali pawindo, anaona mtsikana akulowa pampanda. Anali wowonda, atafunda mpango wakuda wofika m'mapewa, ndipo sanaodire. Anatenga lichero pamtondo monga mwini wake n'kukakhala pansi pa bwemba, kumapeto kwenikweni kwa mphasa, kusiya malo a munthu wina pambali pake. Kenako anayamba kulankhula chapansipansi, akumadukiza ngati akumvetsera yankho. Nkhuku imene inkadutsa inafika pamalo opanda munthuwo, inaima mwendo uli m'mwamba, n'kulambalala.

Idah anatuluka.

"Mukulankhula ndi ndani?"

Mtsikanayo anadzutsa mutu mosadzidzimuka. "Ndi amayi. Pepani asisi, ndinazolowera. Ndine Salma, mkazi wa a Jafali a kudoko. Inu ndinu a Idah. Ankakutchulanitchulani."

"Ankati chiyani?"

"Ankati mtima wanu ndi wawo ndi umodzi, n'chifukwa chake simuchedwa kuyambana."

Idah anakhala pansi. Anazindikira atakhala kale kuti malowo ndi a mayi ake, pamene mphasa inaperepeseka mpaka kusalala. Zala za Salma zinkathamanga, kukankhira mpunga woyera mbali imodzi, ndipo kamwala kalikonse ankakaponya kutali m'maudzu.

"Lero ndimaliza," anatero akumwetulira. Kunali kumwetulira kwa munthu amene wamanga kale katundu, ndipo Idah kunamuopsa.

"Mukamaliza ndiye chiyani?"

"Ndiye ndamasuka." Salma ankalankhula maso ali palichero. "Mwana wanga anabadwa wosalira, nthawi yokolola mpunga. Amayi akuluakulu anakamuika okha, ine osaonako, n'kundiuza kuti mtayo saulira, ndikalira sindidzaberekanso. Ndinamvera. Ndinkaphika, ndinkachapa, alendo akabwera ndinkaseka. Abambo akunyumba amakhalira kunyanja, akabwera amangofikira kugona. Tsiku lina ndinangopezeka ndakhala panjanji, paja pamlatho, kudikira sitima ya katundu. Amayi anu ankachokera kumunda. Sanandikalipire, sanandifunse kanthu. Anangoti, 'Mwanawe, maso anga anatha, tiye ukandisankhire mpunga. Sitima siikuthawa, mawa idutsanso.'"

Anaponya kamwala kena.

"Titafika pano anandilumbiritsa kuti sindibwerera kunjanji mpaka mpunga uwu utayera. Ndinalumbira, wallahi, poti ndinkaona kuti ndi kantchito kochepa. Ndili mkati mosankha misozi inayamba yokha. Ndinachita mantha, koma iwo anati, 'Limenelo ndi fumbi la mpunga, lisiye lituluke. Palibe mwambo woletsa fumbi.' Ndinamulira mwana wanga mpaka dzuwa kupendeka, ntchito osatha. Pobwera mawa lake, timiyala tinali titachuluka kuposa poyamba."

"Ankabwezeramo okha?"

"Ndinkadziwa, asisi, sindine mwana. Iwonso ankadziwa kuti ndikudziwa. Kwathu ukanena kuti ukupita kwa aphungu amati wazungulira mutu, koma ukati ukukathandiza mayi wachikulire kusankha mpunga, ngakhale apongozi amakuyamikira. Tonse timabwera choncho. Amayi anu anali atanena kuti Lachinayi likubwerali andiperekeza ku Mua, kwa anamwino oona za maganizo, poti zanga zakula kuposa mphasa. Koma onani, wondiperekeza wapita."

Idah anakumbukira lichero limene analikankha chaka chija. Mayi ake sankamupatsa ntchito tsiku limenelo.

"Ine mpunga uwu ndausankha kawiri, kawiri konse m'mawa ndapezamo timiyala. Ndinu mumathiramo?"

Zala za Salma zinaima. "Ine ndidzimangirenso chingwe? Dzana ndi dzulo ndimabwera ndikuti ndiupeza woyera, n'kupeza miyala, amalume anu n'kundipirikitsa ndisanamalize. Ndimayesa ndinu."

Anayang'anana. Nyenje zinasiya kulira zonse pamodzi, pabwalo n'kungoti zii. Kutali, chaku Golomoti, sitima inalira. Salma anapendeketsa mutu monga amachitira munthu akamva dzina lake.

Anatola kamwala komaliza, anapeta kamodzi, n'kusalaza mpunga ndi chikhatho kufunafuna kena. Kunalibe. Anaika lichero pamiyendo ya Idah ndi manja awiri, anaimirira, n'kukung'untha chitenje.

"Wayera. Zikomo pondilola, asisi. Mutsale bwino."

Nthawi yomweyo a Gidiyoni analowa akukankha njinga, botolo la palafini likulendewera pachiwongolero.

"Wabweranso ameneyu? Msiye azipita. Bwera nalo kuno licherolo."

Idah anafuna kulankhula, koma mawu ake ati? Iye sanali mphungu, ankagulitsa nsalu m'sitolo ya mwini ku Lilongwe. Salma anali atadutsa kale mtondo, akuyenda mosafulumira, ndipo njira ya pampandapo ndi yomwe imakafika kumlatho. Idah anatsamira dzanja pamphasa kuti adzuke, n'kumva chinthu cholimba pansi pake. Anapinda mphasayo. M'kadzenje munali kachitini ka mkaka kadzimbiri, chivindikiro chake chili pambali, ngati wina wangochokapo kumene. Munali timiyala toyera, tosankhidwa mosamala, kalikonse kofanana ndi njere ya mpunga. Munthu anawerama mumtsinje masiku ambiri kuti atole timeneti, ndi maso omwe ankati anatha aja.

Anatapa dzanja lodzaza. Tinali tofunda. Anatiwaza palichero, ndipo kaphokoso kake kanamuimitsa Salma pakhomo la mpanda.

"Simunamalize," anatero Idah. "Bwerani muone. Munalumbira."

"Iwe Idah, mutu ukuyenda bwino?" anafunsa a Gidiyoni.

"Malume, otchani zina zonse, koma lichero ili lili pantchito. Lachinayi ndili ndi ulendo wa ku Mua. Ku Lilongwe adikire."

A Gidiyoni anayang'ana kachitini, anayang'ana mtsikana ali chiimire pampanda, kenako botolo limene anali atamasula, ngati sakudziwa amene wawapatsa. Anakaliika pakhonde, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba.

Salma anaima pamenepo nthawi yaitali, dzanja lili pamtengo wa mpanda. Sitima inaliranso, pafupi tsopano, mpaka nthaka inanjenjemera pang'ono pansi pa mphasa. Mabogi anadutsa limodzilimodzi, phokoso likucheperachepera. Litatheratu, mtsikanayo anabwerera, anakhala pamalo pake, n'kukokera lichero pakati pa awiriwo.

Idah analowetsa zala mumpunga. Anatola kamwala koyamba n'kukaponya m'kachitini. Njere zinayamba kuoneka ziwiriziwiri, kenako dontho linagwera pamkono wake, lina palichero.

Salma sanadzutse mutu.

"Limenelo ndi fumbi la mpunga, asisi," anatero. "Lisiyeni lituluke."