Tirigu wa Orval pa Njanji

Ku Montana, kumene munda wa tirigu umathera pomwe maso alekezera, alimi anali ndi mawu amodzi oopsezera a njanji. Kampani ya sitima ikakweza mtengo wonyamulira, mlimi ankamenya chipewa pabondo n'kunena kuti, "Basi, ndikagulitsa kutsidya." Kutsidya kwa mtsinje wa Missouri kunali njanji ina ya kampani ina, ndiye a njanji akamva zimenezo ankafewa. Orval Stensrud anaona agogo ake akuchita choncho, bambo akenso chimodzimodzi, ndipo ankakhulupirira mawuwo kuposa ulaliki wa Lamulungu.

Chaka chimenecho tirigu anabereka mochititsa mantha. Nkhokwe yaikulu ya m'tauni mwawo, kumene alimi ankagulitsa tirigu, inadzaza mpaka kudenga, mabogi a sitima osabwera, tirigu wina n'kumuunjika panja ngati mchenga, chisanu chili pakhomo. Orval anafika ndi lole yodzaza ndi tirigu wabwino kwambiri wa m'munda mwake, amene ankadalira kuti awadutsitsa chaka iye ndi mkazi wake. Woyang'anira nkhokweyo anali mlamu wake, Dwight Kolstad, ndipo anamupeza akupemerera khofi.

"Alamu, a njanji akwezanso," anatero Dwight. "Ndikachotsa zonyamulira, zotsalazo mukamugulire mlongo wanga nsapato imodzi."

"Imodzi?"

"Ya kumanzere. Inayo chaka chamawa."

Orval sanaseke. Tirigu wolima yekha, wokolola yekha, munthu wongomukweza m'bogi n'kudya gawo loposa la mwini munda! Anamenya chipewa pabondo.

"Ndikagulitsa kutsidya."

"Kutsidya kwake kuti? Kodi nyuzi simuwerenga?"

"Nyuzi ndimakolezera moto."

"Taimani kaye ndikuuzeni..."

"Mundiuza chiyani, kapolo wa a njanji inu? Imwani khofi wanuyo!"

Analiza lole, nawoloka mlatho, nayenda mtunda wautali pa msewu wamiyala, akutukwana yekha mpaka kukhosi kuuma. Dzuwa litapendeka anafika pa nkhokwe ya kutsidya. Mwini wake, Mayi Berniece Wahl, anatapa tirigu m'dzanja, naluma njere imodzi, nagwedeza mutu moyamikira. Kenaka anatchula mtengo. Unali wotsika kuposa wa Dwight.

"Mayi, mukundiseka? Inu si muli pa njanji ina?"

"Ina iti, bambo? Kwa zaka zambiri makampani awiriwa akhala akupangana mtengo patebulo limodzi. Chilimwe chathachi anangomaliza ukwati, tsopano ndi kampani imodzi."

"Kupangana mtengo si mlandu kodi?"

"Kwa ife ndi mlandu. Ine ndi alamu anu aja titakhala pansi n'kugwirizana zogula tirigu pa mtengo umodzi, mawa lomwe mwatipeza kundende. Koma a njanji lamulolo linawapatula. Amapangana masanasana, zitseko zili pululu. Akafuna kuphatikizana, amakapempha ku bungwe loona za njanji, ndipo likavomera, khoti silingawagwire ndi lamulo limene limatigwira ifeli."

"Ndiye aphungu athu akuchitapo chiyani?"

"Akuti ena akufuna kuwalanda mwayi umenewu. Akuti. Ine ndinayamba kumva akuti ameneyu tsitsi langa lisanachite imvi."

Ndiye kuti nthawi yonseyi Orval ankaopseza munthu pomuuza kuti apita kwa mnzake wodya naye mbale imodzi? Wakuba nkhuku amamangidwa, koma wakuba tirigu wa dziko lonse lamulo limamugwirira chitseko? Sanatsanzike. Anakwera lole, naibweza chambuyo mpaka pamene msewu umadutsa njanji, nakoka chitsulo chokhuthulira. Ngolo ya loleyo inadzuka, tirigu yense waa, pa njanji, mulu wofika m'chiuno.

"Ibwere sitima yawoyo!" anakuwa. "Iime pano! Atsike mabwanawo adzandifunse!"

Mayi Wahl anabwera pang'onopang'ono, manja ali m'matumba a jekete, naima pambali pa muluwo.

"Bambo, mwatsekera ndani?"

"Sitima."

"Taonani pansi."

Orval anayang'ana. Zitsulo za njanji zinali zofiira ndi dzimbiri, udzu utamera pakati mpaka m'mawondo.

"Atangophatikizana, njanji iyi anaitseka," anatero mayiwo. "Akuti kampani imodzi singadzipikisane yokha. Tirigu amene ndimagula kuno amapita pa malole, kuwoloka mlatho womwe mwadzera uja, kukadikira mabogi pakhomo pa alamu anu. N'chifukwa chake mtengo wanga uli wotsika. Mukanandilola kumaliza."

Mphepo inali itatembenuka, ikuchokera kumpoto, ndipo timadontho tozizira tinayamba kugwa. Orval anatenga fosholo m'lole n'kuyamba kuwola. Fosholo iliyonse inkabwera ndi miyala ya panjanji, dothi lakuda ndi mafuta akalekale a sitima. Anawola thukuta lili kamukamu, mvula ikunyowetsa muluwo pamaso pake, ndipo panalibe ngakhale mmodzi wa a njanji woti amutukwane.

Mayi Wahl anatapanso dzanja limodzi m'lolemo, naliyang'ana, nalitaya pansi.

"Ameneyu sindingagule, ndipo palibe angagule wa ufa," anatero. "Kumtunda kuno kuli bambo wina woweta nkhumba. Mukamuuze kuti ndakutumani ndine, mwina akuchitirani chisoni."