Milamba ya Keziah

Utsi wa nkhuni za mupani unamudya maso Keziah masiku atatu. Milamba ankaigula kwa asodzi a ku Luangwa, n'kuitumbula, kuiwaza mchele, kuiwamba pang'onopang'ono mpaka ifiile psuu. Madalaivala a malole pa Kacholola ankachita kuilimbilana. Koma atapita nayo ku chiwonetselo cha zaulimi ku Petauke, m'zaka zija za Chitaganya, kalaliki anapukusa mutu.

"Amai, azimayi amalembetsa zoluka ndi makeke. Pa nsomba tilemba dzina la abambo."

Kalaliki analembadi dzina la Abednego, mwamuna wa Keziah, munthu woti utsi ukangomukhudza amathawila pansi pa mango akutsokomola. Mphoto yoyamba itagwela milamba ija, iye ananyamuka kukalandila, chifuwa patsogolo, manyazi olo pang'ono!

"Mukanene kuti ndine ndawamba," anatelo Keziah.

"Khala chete iwe, usandichititse manyazi pa anthu."

Mzungu woyang'anila za nsomba anakondwa kwambili, nalamula kuti Abednego akaphunzitse asodzi ku Nyimba kawambidwe kabwino. Keziah anati eya, zabwela zokha. Analumbila mumtima kuti sakhudza kanthu. Zipselele, anthu adziwe mwini luso.

Tsikulo Keziah anapita naye ku Nyimba, nakhala pamphasa, manja atapinda, mtima ukuwila. Abednego anaunjika nkhuni zouma gwa, nasonkha chimoto ngati akuwotcha tchile, n'kusanjika milamba pa thandala. Mafuta anayamba kudontha, malawi n'kulumpha. Asodzi anayang'anana. Fungo la chikopa chopselela litamufika Keziah, mayo ine, anapilila pang'ono chabe. Nsomba zabwinobwino, zonona chotele, zife chifukwa cha chitsilu?

"Chokani apo, bambo!"

Anaphula milamba ndi manja, zala zikupsa, nazimitsa malawi ndi dothi. Pa makala anaikapo nkhuni zaziwisi, utsi n'kuyamba kukwela wofatsa. Anaonetsa asodzi potembenuzila, ndi potsina kuti udziwe ngati mkati mwauma. Onse anamuzungulila duu, akumvetsela.

Mzungu uja, amene anabwela kudzaonelela, anawomba m'manja, nalankhula Chingelezi chake. Keziah anadzutsa mutu, kudikila kuti amve dzina lake.

Womasulila anati, "Bwana akuyamika kwambili a Abednego. Akuti mwamuphunzitsa bwino mkazi wanu."

Abednego anavula chipewa, nawelama pang'ono.

"Ndimayesako, bwana."