Zala Ziwiri za Buledi

"Mwabwera nazonso, alamu?"

Mmisiri wa malata sanadzutse n'komwe mutu. Anali atapanira lata pakati pa mawondo, akulipinda kuti likhale fanelo. Pakhomo pa shedi yake panali patapachikidwa mafanelo ambirimbiri, akugundana ndi mphepo.

Wophika buledi, amene anthu ankangowatchula kuti a Chotupitsa, anatsitsa thumba panjinga. Zitini zophikiramo buledi zinalira pansi. Mmisiriyo anali mchimwene wa akazi awo, ndipo ntchito imeneyi sakanaipereka kwa munthu wapadera.

"Mudule pang'ono chabe. Zala ziwiri m'litali."

"Chaka chatha munati zala ziwiri. Mvula itayamba munatinso ziwiri. Kodi zala zanu zilipo zingati?" Anatola chitini chimodzi n'kusuzumiramo ndi diso limodzi. "Ichi tikadulanso muziumbiramo sopo."

A Chotupitsa sanaseke. Chiyambire nkhondo ya kumayiko akutali olima tirigu, ufa unkabwera ndi mtengo watsopano lole iliyonse. Shuga ndi mafuta ophikira zinatsatira. Magetsi ankazima buledi ali mu uvuni, ndipo jenereta inkafuna dizilo amene anthu ankagonera pamzere. Anayesapo kamodzi kukweza mtengo wa buledi, koma bulediyo anakhala pashelefu mpaka kuchita nkhungu. Ndiye anapeza njira ina: mtengo ukhale womwewo, chitini chifupike.

Pawailesi yopachikidwa pamsomali, katswiri wa zachuma ankafotokoza kuti m'mayiko ongotukuka kumene chuma chikula pang'onopang'ono chaka chino ndi chamawa.

"Mwamva? Akuti chikula," anatero mmisiri. "Kwanu kukukula chiyani, alamu, kupatula dazi?"

"Nkhondo ikatha zinthu zitsika."

"Nkhondo yake iti? Ikatha iyi ayamba ina, sasowa chokanganira anthu amenewo. Taonani ine. Ogulitsa petulo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu akulimbirana mafanelo, lata ndiye likundisowa. Mundipatse zitinizi ndipange mafanelo, tizigawana phindu."

"Zitini zimenezi zaphunzitsa ana a mlongo wanu."

"Ndiye zagwira ntchito, zipume."

"Dulani, alamu."

Mmisiri anapukusa mutu, natenga sizasi yake ya malata.

M'mawa mwake buledi anatuluka wofiirira bwino, fungo lake lofika kumsewu, koma wamfupi ngati njerwa yoduka. Akazi awo anamusanja motalikirana kuti shelefu ioneke yodzaza. Ogula oyamba anamutembenuza m'manja, wina nati, "Wadwala chiyani ameneyu?" Koma anagula.

Kenako anafika amake mapasa, mayi wochapa zovala m'nyumba za anthu, amene kwa zaka zambiri ankagula buledi mmodzi m'mawa uliwonse. Anamunyamula, namuyeza pachikhatho chake chosweka ndi sopo. Sanakalipe.

"Bambo, tandibwerekani mpeni."

A Chotupitsa anapereka mpeni. Mayiyo anaubweza, chigwiriro chake chitaloza kwa iwo.

"Ayi, mudule ndinu. Kwathu tilipo asanu ndi awiri: ana asanu, apongozi anga ndi ine. Buledi wanu wakale ankakwana aliyense gawo lake. Atafupika koyamba ndinasiya ine, ndinawauza ana kuti buledi amandipatsa chilungulira. Atafupika kachiwiri apongozi anayamba kudandaula mano. Mano ake ati, mkamwa mulibe ndi limodzi lomwe? Lero tsono ndilibe bodza lina. Dulani magawo asanu, mmene mungadulire ana anu."

"Mayi, si ine ayi. Ufa wakwera chifukwa cha nkhondo, dizilonso..."

"Ndikudziwa, wailesi timamvera kwa aneba. Sindikukuimbani mlandu. Ndangoti mudule."

Anthu awiri amene anali pambuyo pake anasiya kucheza. A Chotupitsa anaika buledi pathabwa. Anadula gawo loyamba monga ankadulira kunyumba kwawo, lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu. Atafika pa lachinayi anaona kuti chotsala n'chochepa, napendeketsa mpeni. Lachinayi linatuluka lopyapyala. Lachisanu linali khungu lokhalokha la kumapeto, ndipo linasweka m'manja mwawo.

"Limenelo ndi la ndani?" anafunsa mayiyo. "Mapasa amagundanitsa magawo awo kuti aone lalikulu. Wamkulu ndi amene amanditungira madzi. Wamng'ono sanayambe kumva mawu oti palibe. Sankhani inu."

A Chotupitsa anatembenukira kushelefu n'kutenga buledi wina. "Tengani uyu, musalipire."

"Nanga mawa? Mudzandipatsanso?"

Mayiyo anatola magawo aja limodzi ndi nyenyeswa zomwe, nawakulunga m'pepala. Analipira buledi mmodzi, wachiwiriyo n'kumusiya pathabwa.

"Mawa musandisungire," anatero. "Ndiwauza kuti bekale yatsekedwa. Bodza limeneli n'losavuta kusiyana ndi kusankha mwana."

Masana a Chotupitsa anaimba foni kwa wogulitsa ufa. Anamva kuti lole idakali pamzere wa dizilo, ndipo ikadzafika mtengo udzakhala wina. Anafunsa kuti wina bwanji. Munthuyo anati nayenso sakudziwa, popeza ndalama ikutsika mphamvu tsiku ndi tsiku.

Anakhala pachigubu chopanda kanthu pafupi ndi uvuni, akuyang'ana thumba la ufa limene linali litagwa khosi. Akazi awo analowa akupukuta manja.

"Abambo, mwakhala ngati mwaferedwa."

"Ndimayesa ndikudula lata," anatero. "Chaka chonsechi ndimayesa ndikudula lata."

"Tikweze mtengo ndiye."

"Agule ndani?"

"Tidulenso."

"Tidule ndani?"

Pawindo panali chitini chimodzi chakale chimene chinapulumuka kudulidwa chifukwa ankasungiramo masipuni. A Chotupitsa anakhuthula masipuniwo, nachitsuka, nachipaka mafuta. Pambali pa zinazo chinkaoneka ngati cha bekale ina. Anakanda ufa wotsalawo, naphika buledi womaliza. Wa m'chitini chachikulu anamukulunga payekha.

"Mukawapatse amake mapasa. Mukanene kuti sananame, bekale yatsekedwadi."

"Nanga ife tidya chiyani?"

"Sindikudziwa, mayi. Ndikadziwa ndikuuzani."

Uvuni utazizira anazimitsa swichi yaikulu ya pakhoma. Anaika zitini zonse m'thumba, chachikulu chija pamwamba, namangirira panjinga. Panjira anadutsa mzere wa magalimoto wopita kumalo omwetsera mafuta. Madalaivala ena anali atayanika malaya pazitseko, ena akusewera makhadi pansi pa lole.

Mmisiri anawaonera patali.

"Alamu! Dzulo lomweli? Lero zala zingati?"

"Tambasulani zonse."

Mmisiri anatsegula pakamwa kuti aponye nthabwala, koma ataona nkhope yawo anatseka. Anachepetsa wailesi, nawakokera mpando. Anatenga chitini chachikulu chija, nachitembenuza kawiri, nachiika pachitsulo chosulira.

"Mudziwa kugwira nyundo?"

"Mundiphunzitsa."

Dzuwa lisanalowe, fanelo yoyamba ya chitini cha buledi inali itapachikidwa pakhomo, yakuda ndi mafuta a zaka zambiri. Munthu wina wonyamula chigubu cha petulo anaima, naitola, nainunkhiza.

"Koma imeneyi ikununkhira buledi," anatero akuseka.

"Thirani kamodzi," anayankha a Chotupitsa, maso ali palata, "fungo litha."